Kalata ya Eni Ake

Kuseri kwa chigayo cha pamsika wa kwathu, m'boma la Ntcheu, kuli kachipinda kamene ndimachita lendi. Pakhomo pake ndidakhomapo chikwangwani chathabwa cholembedwa ndi penti wobiriwira: "Timalemba ndi kukonza makalata, malipoti ndi mbiri ya malemu. Timamasuliranso Chingerezi ndi Chichewa." Mawu oti "timalemba" asakupusitseni kuti tilipo ambiri. Ndilipo ndekha, mphunzitsi wa Chichewa, pamodzi ndi laputopu yothothoka mabatani awiri, makina osindikizira ndi benchi limodzi lokhalapo makasitomala. Ndimatsekula ndikaweruka kusukulu, komanso Loweruka tsiku lonse.

Ntchitoyi ndidayamba m'chaka cha 2018. Ndisakunamizeni kuti ndidayamba chifukwa chokonda zolembalemba. Malipiro ankatha mwezi usadafike n'pakati pomwe, ndipo kunyumba kudali mng'ono wanga wofunika fizi. Aphunzitsi anzanga ena ankapikula kachewere ku Tsangano n'kumagulitsa, ena ankaoda kaunjika. Ine ndidayesako za tomato kamodzi, theka lake lidandiolera m'dengu. Nditakhala pansi ndidaona kuti katundu amene ndili naye woti sangaole ndi mmodzi yekha: kudziwa kuika mawu papepala. M'tauni ntchito yotere amaitchula mayina apamwamba a Chingerezi, koma kwathu kuno ndi ganyu basi. Palibe bwana, palibe malipiro apamwezi. Wabwera munthu, mwagwirizana mtengo, wagwira, walandira.

Poyamba ndinkaganiza kuti azindipeza ndi anthu olemba mabuku, ofuna kudzatchuka ngati a Willie Zingani kapena a Jolly Max Ntaba. Pa zaka zonsezi abwera awiri okha otere. Ambiri amene amakhala pabenchi langa ndi achinyamata ofuna kalata yofunsira ntchito, amayi a banki m'khonde ofuna malamulo a gulu lawo alembedwe bwino, alembi a makomiti atchalitchi amene mfundo za msonkhano zawasokonekera, ndi a mabungwe ofuna kapepala ka zaumoyo kapena zaulimi kamasuliridwe m'Chichewa. Amene amabwera mothamanga koposa onse ndi anamfedwa. Amafika madzulo, maliro ali mawa, akufuna moyo wa munthu wa zaka 80 ukwane patsamba limodzi. Pamenepa ndidaphunzira msanga kuti mbiri ya malemu sulemba ndi wachibale mmodzi. Uyu akuti zidzukulu zilipo 23, uyo akuti 26, ndipo atatu oiwalikawo ndi amene adzakhale patsogolo penipeni pomvetsera.

Kulemba ndi kukonza ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale pachikwangwani ndidaziika pamzere umodzi. Polemba, munthu amandiuza zapakamwa, ine n'kuziika papepala. Pokonza, amabwera ndi zake zolembalemba kale, ine n'kuziwongola. Anthu amayesa kukonza n'kopepuka, ndiye amafuna mtengo wotsika. Akadadziwa. Mnyamata wina adabwera ndi khadi laukwati lolonjeza alendo kuti kudzakhala "ngoma ndi magule". Ndidamufunsa ngati wagwirizana kale ndi oyang'anira nyama zakutchire, poti ngoma ndi nyama ija ya nyanga zopotana, pamene choimba chija ndi ng'oma. Kankhodolero kamodzi kokha. N'chimodzimodzi m'bale ndi mbale: wina umadya naye, inayo umadyeramo. Zina n'zazing'ono koma zimaonetsa ngati wolembayo adaphunzira: timalemba kulira ndi kulera, koma kulola ndi kukula, chifukwa r amatsata i ndi e, pamene l amatsata a, o ndi u.

Malamulo amenewa sindipeka ndekha. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yoyang'anira ziyankhulo idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, ndipo iwo ndiwo adatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Langa lidang'ambika chikuto kalekale, koma silichoka patebulo. Kasitomala akalimbikira kuti "kwathu timalemba chonchi", sindikangana naye, ndimangomutsekulira tsamba. Masiku ano kwabweranso ena amene amayamba amasulira nkhani yawo pa makina a pa intaneti, n'kundibweretsera kuti "mungopukutapo pang'ono, aphunzitsi". Makinawo apita patsogolo, sindikana. Koma chiganizo chimatha kukhala ndi mawu a Chichewa okhaokha chikuyenda Chingerezi, ndipo kuchiwongola kumandidyera nthawi yambiri kuposa kuyamba ndekha.

Za ndalama sindichulutsa. Ndimalipiritsa potengera masamba, theka kutsogolo kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, theka ntchito ikatha. Ndidayamba kutero nditatopa ndi anthu a "ndikupatsani pakutha pa mwezi". Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi inki zidakwera, ndipo mitengo yanga yonse ndidaifufuta n'kulembanso. Achibale ndi azibusa salipira, limenelo ndi lamulo losalembedwa. Ntchito imodzi yokha ndi imene ndimakana: kulembera munthu zimene akukapatsidwa nazo malikisi. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa ndekha Fomu 4 adabwera kuchokera kukoleji ndi funso la aphunzitsi ake, m'manja muli ndalama yokwana thumba la feteleza. Mtima udagunda, sindibisa. Ndidamuuza kuti akalembe yekha, ine ndidzamuwongolere kalembedwe. Sadabwerenso, ndipo ndidamva kuti adapeza wina womulembera.

Pofika 2021 ndinkadziona ngati katswiri. Paja akuluakulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mudali mu Okutobala, anthu ali pakalikiliki kusosa, nyengo imene milandu ya minda imabuka. Loweruka lina kudabwera mayi wina wachikulire, wa zaka za m'ma 60, atatsagana ndi kamdzukulu kake. Adakhala pabenchi, n'kumasula kansalu kamene adamangamo ndalama.

"Aphunzitsi, akuti inu mumalemba makalata. Ine kusukulu sindidapiteko. A gulupu akuti dandaulo langa lipite lolembedwa."

"Fotokozani, amayi, ndikumva."

Nkhani yake idali yotere. Mu 1992, chaka cha chilala chija, banja lawo litatha, malume awo adawagawira munda. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo: malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wake akasowa polima amayang'ana kwa iye. Mayiwa adalima mundawo zaka 29, adalererapo ana, adadzalamo mango ndi nthochi. Malumewo atamwalira, ana awo adayamba kunena kuti munda ndi wa bambo awo, ndipo mayiwa adangobwerekedwa.

Mawu awo ndikuwakumbukira bwino chifukwa ndidawalemba m'kope momwe ankayankhulira. Adati: "Malume adanditenga, n'kundiyendetsa m'malire monse, kuyambira pachulu mpaka kukafika kumtsinje. Atatero adati, uwu ndi wako." Ndidawawerengera zimene ndidalemba m'kopemo, iwo n'kuvomera kuti n'zomwezo. Tidagwirizana kuti nditayipa usiku, mdzukulu adzatenge m'mawa, iwo akadinde chala kunyumba.

Usiku umenewo ndidakhala pa laputopu n'kuyamba kuyala kalata yantchito monga momwe ndimakuphunzitsirani: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu wa kalata, thunthu, mathero. Zonse zidakhala m'malo mwake. Koma nditafika pa mawu aja oti "uwu ndi wako", adandikhala ngati ouma. Ndidaganiza kuti kalata yopita kwa mfumu iyenera kukhala yofatsa, yodzichepetsa, yosaoneka ngati munthu akulamula bwalo. Ndiye ndidasalaza. Ndidalemba kuti: "Munda umenewu malemu malume anga adandipatsa kuti ndikhale ndikulimamo." Nditawerenga ndidadzitama ndekha kuti chiganizo chatuluka chaulemu. M'mawa mdzukulu adabwera, ndidamupatsa envulopu, adapita.

Taimani kaye pamenepa, inu amene mukukonzekera mayeso, muyang'ane mawu atatuwo: kuti ndikhale ndikulimamo. Mayi akakuuzani kuti "khalani mukudya, ndikubwera", akutanthauza kuti kudyako n'kongoyembekezera. Mnzanu akati "khala ukugwiritsa ntchito njingayi", mumadziwa kuti tsiku lina adzaifuna. Mneni "khala" akatsatana ndi mneni wina wokhala ndi -ku- motere, amanyamula ganizo la kanthawi chabe. Zimenezi ndimazidziwa, ndidaziphunzira mpaka kuyunivesite, ndipo mukadandifunsa m'kalasi ndikadakuyankhani mosajejema. Koma usiku umenewo khutu langa linkamvetsera kukoma kwa chiganizo, osati katundu amene chasenza. Mayiwa adanena za kupatsidwa. Ine ndidalemba za kubwerekedwa.

Patatha masabata awiri adabweranso. Ulendo uno sadakhale pabenchi.

"Aphunzitsi, kodi mudalemba chiyani m'kalata muja?"

"Zomwe mudandiuza, amayi."

"Ayi. Zimene awerenga kubwalo si mawu anga."

Adandifotokozera kuti mmodzi mwa asuweni awo, munthu wopita kusukulu, adapempha kuti kalatayo iwerengedwe mokweza. Atafika pa mawu atatu aja adaimitsa wowerenga, n'kupempha kuti abwereze. Kenako adafunsa bwalo kuti: munthu ukamuuza kuti khala ukulimamo, wamupatsa kapena wamubwereka? Anthu adang'ung'udza. Mayiwa adakana kuti sadanene zimenezo, koma adawaonetsa chala chawo chomwe, chodindidwa pansi pa kalatayo. A gulupu adaimitsa mlandu kuti udzapitirire sabata yotsatira.

Ndidatsekula laputopu, ndidatsekula kope, n'kuziika pamodzi. Thukuta lidandituluka ngakhale m'kachipindamo mudali mozizira. Zimene ndidawawerengera tsiku lija zidali za m'kope. Zimene adadinda chala zidali zanga. Pakati pa ziwirizi padali usiku umodzi ndi mphunzitsi wofuna kuonetsa luso.

Maganizo oyamba amene adandibwerera, ndinene zoona, adali odziteteza. Ndidafuna kunena kuti mdzukulu uja akadawawerengera, kapena kuti mawuwo angathe kumvekanso mwina. Ndidaganizanso za chikwangwani changa. Pamsika nkhani siichedwa, ndipo ndani angabweretsenso kalata yake kwa munthu amene adalanditsa nkhalamba munda? Kusukulu nako ana a m'midzi yomweyo ndi amene ndimawaimira kutsogolo n'kumawadula malikisi chifukwa cha mpatuliro. Usiku umenewo nsima sidalowe.

Tsiku la mlandu ndidapempha chilolezo kwa ahedi, ndidakwera kabaza, kope lili m'thumba. Bwalo lidakhala pansi pa mtengo wa kachere, amuna mbali iyi, amayi mbali iyo. Nthawi itakwana nduna idandipatsa mpata. Ndidagwada, ndidaomba m'manja, n'kunena kuti kalata ija adalemba ndine, ndipo mawu atatu aja ndi anga, si a mayiwa. Ndidawerenga za m'kope monga momwe adayankhulira.

A gulupu adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu aphunzitsi, mawu a eni ake mudasinthiranji?"

"Zikomo mfumu, ndinkafuna kuti kalata imveke mwaulemu."

"Ulemu wake uti wolanditsa munthu munda?"

Anthu adaseka, ena mokweza ndithu. Kumbuyo ndidaonako ana awiri a Fomu 3 amene sadapite kusukulu tsiku limenelo, ndipo ndidadziwa kuti pofika mawa nkhani ikhala itafika kalasi iliyonse. A mbali inayo sadagonje msanga. Adati kope ndi langa, ndingathe kulembamo chilichonse dzulo lomweli, pamene kalata ili ndi chala. Pamenepo adali ndi mfundo, ndipo ndidalibe choyankha. Chimene chidathandiza si ine ayi, koma nkhalamba ziwiri zimene zidaliko mu 1992. Zidachitira umboni kuti malumewo adayendadi m'malire ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo adanena pamaso pa anthu kuti munda ndi wake. Za chulu onse awiri adagwirizana. Za kumtsinje adasiyana: wina adati malire adafika m'madzi, wina adati adalekeza pamtunda.

Chigamulo chidali chakuti munda wakumtunda ukhale wa mayiwa, koma dimba la m'mbali mwa mtsinje lipite kwa ana a malemu. Dimba limenelo ndi limene mayiwa ankapezerapo ndalama ya sopo ndi mchere m'chilimwe, polima kabichi ndi mpiru. Bwalo lidayamba kumva mlanduwo ndi kalata yowafooketsa, yochokera m'manja mwa munthu amene adamulipira kuti awalimbitse. Njira yopita kumsika wa Lizulu imadutsa pafupi ndi dimbalo, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali.

Madzulo ake ndidapita kunyumba kwawo ndi ndalama imene adandilipira. Paja pepani sapoletsa chilonda, koma ndidalibe china choti ndinyamule. Adandiyalira mphasa, adandimvetsera mpaka ndidamaliza.

"Ndalamayo sungani, mukagulire mapepala," adatero. "Koma tsiku lina muzilemba zimene munthu wanena. Ife osaphunzirafe tikabwera kwa inu timakhala takubwerekani dzanja, osati mutu."

M'kalasi, tikafika pa chifupikitso ndi chimasuliro, ndimabwereza mpaka ana kutopa nane: musawonjezere maganizo anu, musachotse mfundo ya mwini nkhani, musakometse chimene sichidakome. Ena amayesa ndi malamulo ongofuna kuwavutitsa pamayeso a MANEB. Kale inenso ndinkawaphunzitsa ngati malamulo a mayeso basi. Tsopano ndikamachonga, ndikapeza mwana wamasulira "adapatsidwa" pamene nkhani ikuti "adabwerekedwa", cholembera chofiira chimanjenjemera pang'ono m'dzanja langa. Mwana amaona kuti wataya malikisi awiri. Ine ndimaona kabichi wa m'dimba lija.

Makasitomala adachepadi kwa miyezi ingapo, kenako adayambanso kubwera, poti pamsika pathu wolemba makalata si ambiri. Koma kagwiridwe kanga ka ntchito kadasintha. Kalata ya munthu wosadziwa kuwerenga siituluka m'kachipinda kanga ndisadamuwerengere pepala lenileni limene akukasaina kapena kudinda chala, osati za m'kope. Ndimawerenga kawiri, pang'onopang'ono, ndipo pa mawu okhudza ndalama, malire, masiku ndi mayina ndimaima n'kufunsa kuti, "Mwatero?" Zolemba za amene amadziwa kuwerenga ndimazikonza ndi inki yofiira papepala lawo lomwelo, kuti aone paliponse pamene ndakhudza. Ndikafuna kusintha liwu osati kalembedwe kake chabe, ndimayamba ndafunsa. Zimachedwetsa ntchito, ndipo ena amadandaula kuti ali ndi changu. Ndimawauza kuti benchi lilipo, akhale.

Mayi aja adabweranso mu 2024, chaka chimene ng'amba idapsereza chimanga m'maboma ambiri. Kamdzukulu kaja kadasankhidwa kupita kusekondale, ndipo ankafuna kalata yopempha thandizo la fizi. Nditawaona pakhomo ndidaimirira, osadziwa kuti ndiyambe ndi chiyani. Iwo adangokhala pabenchi pomwe paja n'kumasula kansalu kawo.

Adafotokoza, ndidalemba, ndidatayipa iwo ali pomwepo, ndidasindikiza. Kenako ndidayamba kuwawerengera. Ndime yoyamba idadutsa bwino. Ndili pakati pa ndime yachiwiri, pamene ndidalemba kuti "banja lathu ndi losauka kwambiri", adakweza dzanja.

"Imani pamenepo, aphunzitsi. Ine ndati ndife osauka?"

Ndidayang'ana m'kope. Sadatero.

"Ndati chimanga sichidachite bwino chaka chino, ndipo mbuzi ziwiri zimene ndikadagulitsa zidafa. Lembani zimenezo."

Ndidafuna kuwafotokozera kuti opereka thandizo amamva msanga akaona mawu oti "osauka". Ndidatsekula pakamwa, n'kutsekanso. Pepala lija ndidaling'amba pakati, ndidakonza ndimeyo, ndidasindikiza lina, n'kuyambiranso kuwerenga kuchokera pa keyala.